Kupempha kuchititsa tutorial kapena workshop pa msonkhano wa AutoML: mafunso ndi mayankho

Kalata yoitana anthu kuti atumize mapempho a ma tutorial ndi ma workshop ikangotuluka, mafunso amene amandipeza amakhala omwewomwewo, makamaka ochokera kwa ophunzira a PhD ndi aphunzitsi achinyamata a m'mayunivesite amene sanayesepo. Ndawasonkhanitsa pano. Tsiku lotsekera, kuchuluka kwa masamba ndi kutalika kwa nthawi imene mupatsidwe zimasintha chaka ndi chaka, choncho pa zimenezo mverani kalata ya chaka chimenecho.

AutoML n'chiyani, ndipo msonkhano wake ndi uti?

Aliyense amene anaphunzitsapo kompyuta pogwiritsa ntchito deta akudziwa kuti ntchito yambiri imathera pa kusankha. Deta ndiikonze bwanji? Nditenge njira iti? Learning rate, ndiye kuti liwiro limene kompyuta imaphunzirira, ikhale yaikulu bwanji, nanga neural network ikhale ndi zigawo zingati? Kale munthu ankangoyesa, n'kudikira, n'kusintha pang'ono, n'kuyesanso mpaka kutopa. AutoML ndi kafukufuku wofuna kuti kusankha kumeneku azichita ndi makina, mwadongosolo komanso mosawononga nthawi ndi magetsi. Nthambi zake zodziwika ndi hyperparameter optimization (kusaka ma hyperparameter abwino, zinthu monga learning rate zimene mumasankha musanayambe kuphunzitsa), neural architecture search (kusaka kamangidwe kabwino ka neural network), ndi meta-learning, yomwe ndi kuphunzira kuchokera ku ntchito zakale kuti ntchito yatsopano isamayambire pa ziro.

Msonkhano wake ndi International Conference on Automated Machine Learning. Woyamba unachitikira ku Baltimore mu 2022, wa 2023 ku Hasso Plattner Institute mumzinda wa Potsdam ku Germany, wa 2024 ku Paris, ndipo wa 2025 ku New York. Koma usanakhale msonkhano woima pawokha, unali workshop chabe yochitikira m'kati mwa ICML, msonkhano waukulu wa machine learning, kuyambira 2014 mpaka 2021. Izi muzikumbukire mukamalemba pempho lanu: ambiri mwa amene akaliwerenge anakulira mu workshop, ndipo amadziwa fungo la yabwino ndi la yongodzaza nthawi.

Tutorial ndi workshop zimasiyana pati?

Tutorial ndi kuphunzitsa. Munthu mmodzi, awiri kapena atatu amaima kutsogolo ndi kufotokoza nkhani imene yakhwima kale, yoti akatswiri agwirizana pa mbali yake yaikulu. Womvera amalowa asakudziwa, amatuluka akudziwa.

Workshop ndi bwalo. Mumabweretsa nkhani imene sinathe, imene anthu akutsutsanabe, n'kuitana ofufuza kuti aonetse zomwe apeza ngakhale zili zosapsa. Inu okonza simuphunzitsa. Ntchito yanu ndi kuyala mphasa, kusankha oyankhula ndi kusunga nthawi.

Mukakayika, dzifunseni ngati yankho la funso lalikulu la mutu wanu mukulidziwa. Ngati mukulidziwa, imeneyo ndi tutorial. Ngati palibe amene akulidziwa koma anthu angapo akulisakasaka, ndi workshop.

Ndaona mawu akuti workshop track pa tsamba la msonkhano. Ndi kumene nditumize pempho langa?

Ayi, ndipo apa ambiri amasokonezeka. M'zaka zina msonkhanowu wakhala ndi gawo lotchedwa workshop track, lolandira mapepala aafupi a kafukufuku amene salowa m'buku lokhazikika la msonkhano. Kumeneko mumatumiza pepala lanu. Kupempha kuti inu mukonze workshop kapena tutorial ndi nkhani ina, ili ndi kalata yakeyake komanso oyang'anira akeake.

Kodi ndiyenera kukhala pulofesa kuti ndipemphe?

Ayi. Komiti imafuna umboni wa zinthu ziwiri: kuti nkhaniyo mumaidziwa kuchokera m'kati, ndiponso kuti mumatha kuima pamaso pa anthu. Wophunzira wa PhD amene watha zaka zitatu pa nthambi imodzi ya AutoML, monga multi-fidelity optimization, nthawi zambiri amaidziwa nkhaniyo mwatsatanetsatane kuposa womuyang'anira. Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Komabe musapite nokha ngati n'koyamba. Pezani mnzanu amene anaphunzitsapo pa msonkhano waukulu, makamaka wa ku yunivesite ina. Ndipo ngati muli ndi vidiyo ya phunziro limene munaperekapo kwina, kaya ku dipatimenti kwanu kapena pa IndabaX, msonkhano wa machine learning wa m'dziko lanu, ikani linki yake. Mphindi zisanu za vidiyo zimauza komiti zambiri kuposa ndime yonse yodzichemerera.

Mutu wabwino wa tutorial ndi wotani?

Yambani ndi kuganizira amene akhale pa mipando. Pa msonkhano wa aliyense, tutorial yofotokoza kuti AutoML n'chiyani ingadzaze holo. Pa msonkhano wa AutoML weniweni imeneyo ndi kuphunzitsa msodzi kupalasa bwato. Anthu amenewa akudziwa kale kuti James Bergstra ndi Yoshua Bengio anaonetsa mu 2012 kuti kusankha ma hyperparameter mwachisawawa kumaposa kuyesa onse motsatira gridi. Akuzidziwa zida ndi njira za AutoML monga Auto-WEKA ya mu 2013, auto-sklearn ya mu 2015, Hyperband ndi BOHB. Zoyambira zonsezi zili m'buku la mu 2019 limene Frank Hutter, Lars Kotthoff ndi Joaquin Vanschoren anasonkhanitsa, ndipo aliyense angathe kuliwerenga kwaulere pa intaneti. Ngati tutorial yanu ikungobwereza mitu yoyamba ya buku limenelo, komiti ifunsa chifukwa chake anthu akwerere ndege kudzaimva.

Mitu imene imagwira ntchito, mmene ndimaonera ine, ndi ya mitundu itatu, ngakhale malire ake sali owongoka. Wina ndi wa nthambi imene yakula msanga moti mapepala achuluka koma palibe amene wawasanja. Chitsanzo ndi ma modelo ophunzitsidwiratu a deta ya m'matebulo, monga TabPFN, amene anatchuka kwambiri pepala lake litatuluka mu magazini ya Nature mu 2025. Wina ndi wobweretsa luso la kunja kwa AutoML limene anthu a AutoML akulisowa, monga njira zolondola za sitatisitiki zoyerekezera ma algorithm pa ma dataset ambiri. Wachitatu, umene ine ndimaukonda kwambiri, ndi wa munthu wa gawo lina, dokotala, katswiri wa nyengo kapena wa ulimi, amene amabwera kudzafotokoza mmene deta yake imakhalira ndi malo enieni amene zida za AutoML zimalepherera. Ofufuza ambiri amathera moyo wawo pa ma benchmark, deta yoyera bwino yoyezera njira zawo, ndipo deta ya ku chipatala yokhala ndi mipata, yolembedwa ndi anthu otopa, amangoimva.

Mutu ukhale wopapatiza moti mungaumalize. Neural architecture search yonse singathe m'maola awiri.

Ndingaphunzitse pulogalamu imene ndinapanga ndekha?

Mungathe, ndipo pa nkhani ya AutoML zida ndi mbali ya kafukufuku weniweniyo. Optuna inachokera ku kampani ya Preferred Networks ya ku Japan, AutoGluon ku Amazon, SMAC kwa ofufuza a m'mayunivesite, ndipo zida zonsezi zili ndi anthu ofuna kuziphunzira. Vuto limabwera tutorial ikasanduka malonda. Nenani poyera kuti chidacho ndi chanu kapena cha kampani imene imakulipirani. Phunzitsani lingaliro limene lili pansi pake moti munthu angalitenge n'kukaligwiritsa ntchito pa chida china. Ndipo patulani nthawi yoonetsa pamene chida chanu chimagonja kwa cha anzanu. Omvera a pa msonkhano uwu ambiri anapanga zida zopikisana ndi chanu. Mukabisa zofooka, adzazitchula okha pa nthawi ya mafunso.

Ndilembemo chiyani mu pempho la tutorial?

Kawirikawiri amafuna mutu, chidule, amene mukuwafuna kuti adzamvere ndi zimene ayenera kudziwa kale, ndondomeko ya phunziro, mbiri yaifupi ya wophunzitsa aliyense, komanso ngati phunziroli linaperekedwapo kwina. Tsatirani mndandanda wa m'kalata momwe uliri, osadumpha kalikonse.

Pamene mapempho amasiyanirana ndi pa ndondomeko. Musalembe mitu yokha. Lembani mphindi: gawo ili litenga mphindi 20, aphunzitsa ndi uje, ndipo likatha womvera adzatha kuchita chakuti. Mukawerengera mphindi mudzaona nokha kuti mwalonjeza zambiri kuposa nthawi, ndipo ndi bwino kuzindikira zimenezo muli pa desiki panu. Siyaninso mpata wa mafunso pakati, osati kumapeto kokha pamene anthu akuganiza za tiyi.

Pa mbali ya omvera, mawu akuti "aliyense wokonda machine learning" sathandiza. Lembani ngati mukufotokoza munthu mmodzi: amadziwa Python ndi scikit-learn, anamvapo za Bayesian optimization koma sanailembepo yekha.

Ngati munaperekapo kale phunziroli, musabise. Nenani kumene munaperekera ndi chimene chasintha.

Ndikufuna omvera aziyesa okha pa malaputopu awo. N'zotheka?

N'zotheka, ndipo zikayenda bwino palibe tutorial yoposa imeneyo. Koma AutoML ili ndi vuto lakelake: ntchito yake ndi kuphunzitsa ma modelo ambirimbiri, ndipo zimenezo zimadya nthawi. Pepala la Barret Zoph ndi Quoc Le limene linatchukitsa neural architecture search mu 2017 linagwiritsa ntchito ma GPU 800, zipangizo zamphamvu zophunzitsira ma modelo. Inu muli ndi malaputopu a anthu ndi ola limodzi.

Njira yake inapezeka kale. NAS-Bench-101, ya mu 2019, ndi tebulo la ma neural network oposa 423,000 amene anaphunzitsidwa kale pa zithunzi za CIFAR-10, zotsatira zake n'kusungidwa. M'malo mophunzitsa modelo, mumangofunsa tebulo, yankho n'kubwera nthawi yomweyo. Palinso ma benchmark a mtundu womwewu a ma hyperparameter, monga HPOBench ndi YAHPO Gym. Ngati mukufuna deta yeniyeni, tengani ma dataset ang'onoang'ono a pa tsamba la pa intaneti la OpenML. Cholinga n'chakuti gawo lililonse la khodi lithe m'masekondi, osati kuti anthu akhale chete akuyang'ana kamzere kakuyenda pang'onopang'ono.

Za intaneti ya pa malo a msonkhano, musaidalire, ngakhale kukhale ku Paris kapena ku New York. Anthu ambiri akayamba kutsitsa fayilo imodzi nthawi imodzi, netiweki imagwada. Amene anazolowera kugwira ntchito magetsi akuthimathima ali ndi mwayi pano, chifukwa amadziwa kale kukonzekera zoipa: tumizani malangizo masiku angapo msonkhano usanayambe, khomani mavesheni a mapulogalamu onse kuti asasinthe, sungani notebook ina imene zotsatira zake zatuluka kale, ndipo yesani zonse pa kompyuta imene si yanu. Zonsezi zilembeni mu pempho. Komiti ikaona kuti mwaganizira za tsiku limene zinthu zakana, imakukhulupirirani pa zinanso.

Nanga mutu wa workshop ndiusankhe bwanji?

Onani kaye kusiyana kumene ndafotokoza m'funso lachiwiri. Kenako dziyeseni motere: kodi mungatchule magulu a ofufuza angapo, a m'malo osiyanasiyana, amene akugwira ntchito pa nkhaniyi pakali pano ndipo angatumize mapepala? Ngati mayina onse amene akubwera m'mutu ndi a labu yanu, nthawi yake sinakwane.

Mbali inayo, mutu usakhale wotakata moti ukufanana ndi msonkhano wonse. Workshop ya "njira zatsopano za AutoML" pa msonkhano wa AutoML ilibe chifukwa chokhalirapo. Koma funso lakuti AutoML iyezedwe bwanji pamene ma modelo akuluakulu a chilankhulo ndi amene akulemba khodi, kapena lakuti tisake bwanji modelo yabwino pamene magetsi ndi ndalama zili zochepa, lili ndi anthu otsutsana. Lembani mafunso awiri kapena atatu otere m'pempho momwe, ndi chizindikiro chofunsira kumapeto kwake.

Okonza tikhale angati?

Okwanira kugawana ntchito, osachuluka moti aliyense aziganiza kuti wina achita. Lembani dzina ndi ntchito yake: wa mapepala, wa oyankhula, wa tsamba la pa intaneti ndi kulengeza, ndi wosunga nthawi pa tsikulo. Nenaninso amene adzakhalepo pamaso. Sakanizani akuluakulu ndi achinyamata, amuna ndi akazi, a ku yunivesite ndi a ku makampani, a m'mayiko osiyana. Makomiti amayang'ana zimenezi, ndipo ali ndi chifukwa chomveka: gulu la anthu a labu imodzi limaitana anzawo omwewo.

Oyankhula oitanidwa ayenera kukhala atavomera kale?

Afunseni musanatumize pempho, ndipo pa dzina lililonse lembani zoona: wavomera, kapena tamufunsa sanayankhe. Kulemba dzina la munthu wotchuka amene simunamufunse n'komwe ndi chikomekome cha mkuyu. Dziko la AutoML ndi laling'ono, ndipo n'kutheka kuti wowerenga pempho lanu amagwira ntchito khomo loyandikana ndi munthuyo.

Oyankhula atatu amene avomera ndipo amasiyana maganizo amaposa mndandanda wautali wa mayina oyembekezera. Pafupi ndi dzina lililonse, lembani chiganizo chimodzi chonena chimene munthuyo abweretse pa mafunso anu aja.

Tsiku la workshop lizikhala lotani?

Cholakwa chofala ndi kudzaza tsiku lonse ndi oyankhula, wina akatsika wina akwere, mpaka madzulo. Umenewo ndi msonkhano waung'ono chabe, ndipo kukambirana kumene munalonjeza kumakachitikira pakhonde. Perekani nthawi yokwanira ya ma poster, chifukwa ndi pamene wophunzira amayankhulana maso ndi maso ndi munthu amene wakhala akuwerenga mapepala ake. Ngati muika gulu la akatswiri kutsogolo kuti akambirane, apatseni funso limene mukudziwa kuti sagwirizana, ndipo wotsogolera akhale wosaopa kudula mkulu amene watalikitsa.

Mapepala otumizidwa ku workshop tiwayendetse bwanji?

Pa misonkhano ya machine learning, mapepala a workshop kawirikawiri salowa m'buku lokhazikika, kuti olemba athe kuwakulitsa n'kukawatumiza kwina. Mapepala a msonkhano wa AutoML weniweni amasindikizidwa mu mabuku a misonkhano otchedwa PMLR ndipo amaunikidwa kudzera pa tsamba la pa intaneti la OpenReview. A workshop yanu muyenera kunena momveka ngati aikidwa poyera kapena ayi, chifukwa olemba amafuna kudziwa asanatumize.

Mu pempho onetsani masiku: lotsekera kulandira mapepala, lomaliza kuunika, ndi lodziwitsa olemba. Tsiku lomalizali likhale kutali ndi msonkhano, pa chifukwa chimene chili m'funso la ndalama ndi viza. Tchulani ounika amene mwawapeza kale. Fotokozaninso zimene mudzachite pepala likachokera ku labu ya mmodzi wa inu: munthuyo asaliunike ndipo asakhalepo posankha. Msonkhanowu umalimbikira kwambiri kuti zotsatira za kafukufuku zizitheka kubwerezedwa ndi munthu wina, choncho kupempha olemba kuti apereke khodi kumagwirizana ndi chikhalidwe chake.

Mapempho ambiri amakanidwa chifukwa chiyani?

Nthawi zina palibe cholakwa chilichonse: zipinda ndi zochepa, kapena abwera mapempho awiri a mutu umodzi. Zikatero okonza msonkhano amatha kukupemphani kuti muphatikizane ndi gulu linalo, ndipo ndi bwino kuvomera.

Zolakwa zenizeni zambiri ndazitchula kale pamwambapa. Chimene sindinatchule ndi pempho losanena chifukwa chake nkhaniyi ikufunika chaka chino. Yang'anani mapulogalamu a zaka zapitazi, a msonkhano uno komanso a misonkhano ikuluikulu ya machine learning monga ICML, NeurIPS ndi ICLR. Ngati panali tutorial kapena workshop yofanana, itchuleni nokha ndi kunena kusiyana kwake. Komiti ikaipeza yokha, imaganiza kuti mwina simunafufuze kapena munabisa, ndipo zonse ziwiri n'zoipa.

Tsiku lotsekera lalembedwa kuti AoE. Ndi nthawi yanji imeneyo?

AoE ndi chidule cha Anywhere on Earth, kutanthauza kuti tsiku silinathe malinga ngati kwina kulikonse pa dziko lapansi likadalipo. Nthawi imeneyi ili kumbuyo kwa UTC, nthawi imene dziko lonse limawerengerapo, ndi maola 12. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali patsogolo pa UTC ndi maola 2, ndiye kusiyana konse ndi maola 14. Ngati alemba kuti 23:59 AoE pa 15, kwa munthu ali ku Zomba kapena ku Chipata imeneyo ndi 13:59 masana a pa 16. Koma onetsetsani kuti alembadi AoE, chifukwa si kalata iliyonse imagwiritsa ntchito nthawi imeneyi.

Msonkhano udzandilipirira ulendo? Nanga viza?

Musaganize kuti adzakulipirirani pokhapokha kalata itanena. Ngati sikunena kanthu, lemberani oyang'anira ma tutorial ndi ma workshop imelo musanatumize pempho, n'kufunsa ngati ophunzitsa ndi okonza amalipira ndalama yolembetsera, ndiponso ngati pali thandizo la ulendo. Safunsa anadya phula. Funso lomweli ndi limene oyankhula anu adzakufunseni, ndipo musawalonjeze tikiti imene mulibe. Ngati mukufuna kusaka makampani oti athandize workshop yanu, yambani mwamva kwa okonza msonkhano, popeza mwina akukambirana kale ndi makampani omwewo.

Msonkhanowu mpaka 2025 wakhala ukuchitikira ku United States, ku Germany ndi ku France, ndipo munthu wa pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe amafunika viza kuti alowe m'mayiko onsewa. Viza ya Schengen, yolowera ku Germany ndi ku France, mungaipemphe kukadali miyezi 6 ulendo usanafike, choncho pemphani kalata yokuitanani tsiku lomwe mwalandira yankho. Mu pempho nenani amene adzaime m'malo mwanu viza ikachedwa. Ichi ndi chifukwa chinanso chosapitira nokha.

Pempho langa lavomerezedwa. Ndiyambire pati?

Walira mvula walira matope. Sabata yoyamba yomweyo lemberani oyankhula onse kuwatsimikizira tsiku ndi malo, tsegulani tsamba la pa intaneti, ndipo ngati ndi workshop tulutsani kalata yoitana mapepala. Funsani okonza msonkhano kukula kwa chipinda, kuchuluka kwa mabolodi a ma poster, ngati kudzakhala kujambula vidiyo, ndiponso ngati munthu angayankhule ali kutali.

A tutorial, yesezani phunziro lonse pamaso pa anzanu, wotchi ili patebulo, ndipo pakati pawo pakhale mmodzi amene nkhaniyo saidziwa. Pamene iye wasokonezeka ndi pamene muyenera kukonza. Masilaidi ndi khodi ziikeni pa intaneti tsiku lisanafike, ndipo linki yake ikhale pa silaidi yoyamba.

Likakanidwa, ndingalitumizenso?

Inde. Ngati yankho labwera lopanda zifukwa, funsani mwaulemu. Oyang'anira ambiri amayankha. Pakali pano phunzirolo liperekeni kwina. Deep Learning Indaba, imene inayambira ku Johannesburg mu 2017 ndipo yachitikirapo ku Nairobi, Tunis, Accra, Dakar ndi Kigali, imakhala ndi ma workshop ndi maphunziro oyeserera pa kompyuta, ndipo ma IndabaX a m'mayiko amafuna ophunzitsa. Jambulani vidiyo, lembani chiwerengero cha amene anabwera ndi mafunso amene anafunsa, n'kudzaziika mu pempho la chaka chamawa pa gawo lija lofunsa ngati munaperekapo kale phunziroli.